Achemwali, za nkhani zoopsa zomwe mukugona nazo

Bembeke, Dedza
Lachinayi usiku

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wa kuno kumudzi. Ife tadzuka, ana ali bwino, amayi miyendo ija ikuwavutabe koma akumayenda ndi ndodo mpaka kutchalitchi. Kaya inu kumeneko ku Johannesburg? Chisanu cha chaka chino chalawirira. M'mawa nkhungu imakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera ndithu, ndipo ana amalowa m'kalasi manja ali m'khwapa, milomo ili mbuu. Ndikulemba mbaula ili kumapazi.

Kalatayi ndapatsira mnyamata wa thiransipoti amene adutse pachipata cha Dedza Loweruka. Ndasankha pepala chifukwa funso lanu la Lamulungu lija silikadakwana pafoni. Mudati mukatsuka mbale za abwana n'kulowa m'kachipinda kanu kakuseri, mumavala mahedifoni n'kutsegula YouTube, kumvetsera nkhani za anthu ophedwa, ina ikatha ina, mpaka tulo titakubani. Kenako mudatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Kodi mutu wanga ukuyenda bwino? Munthu wopemphera n'kumagona ndi zoterezi?" Ndidangoti musadandaule, bandulo n'kutha. Koma funsolo landitsata sabata yonse, m'kalasi, kudimba, ngakhale pomwe ndimakumba mbatatesi dzana. Ndiye lero ndikuyankheni modekha.

Mukuikumbukira khitchini ya agogo kwa Kaphuka? Utsi uli tolo, denga lili bii ndi mwaye, ife ana asanu ndi awiri titapanikizana pamphasa imodzi, mapazi kumoto, msana kuchisanu. Agogo ankayamba akwirira mbatata m'phulusa, kenako n'kukhala duu mpaka tonse titatonthola. "Padangotelo." Ife, "Tili tonse." Za Kalulu tinkazikonda, koma ikafika nthawi yosankha, inuyo ndi amene munkakuwa kuti, "Ya fisi ija, agogo!" Ija ya namwali wokana amuna onse a m'mudzi n'kulola mlendo wosalala, wovala bwino, woyankhula mwaulemu, amene usiku ankasanduka fisi. Tinkaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira. Tinkadziwa kuti kamlongo kake kamanthongo, komwe ankakapirikitsa panjira, ndi komwe kadzaseme chinguli n'kumuulutsa m'dengu kubwerera kwawo. Komabe agogo akafika poti afisi azungulira nyumba pakati pa usiku, akufunsana ngati nyama yanona, inu munkandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Wina akafuna kukataya madzi panja, tinkamuperekeza atatu. Mawa lake tinkapemphanso yomweyo.

Pomaliza agogo ankati, "Kaphuleni mbatata!" Ife tonse pamodzi, "Zapserera!" Ndiye kuseka, kulimbirana, kupsa zala, kupukutira phulusa pamalaya. Mawu amenewo ndawasinkhasinkha kwambiri sabata ino. Anali chitseko, achemwali. Agogo ankatilowetsa m'nyumba ya mantha atatigwira padzanja, n'kutitulutsamo, n'kutseka. Fisi ankatsala mkati.

Kubwalo kunalinso chimodzimodzi. Kang'wing'wi akatulukira, thupi lonse matope, nthenga zili nyankha kumutu, tinkaliyatsa liwiro mpaka zitenje kumasuka. Koma tikafika kuseri kwa nkhokwe tinkaima, n'kusuzumira, n'kubwereranso pang'onopang'ono kukawomba m'manja. Palibe ankatikoka. Alendo amawoloka nyanja kudzaphunzira za gule ku KuNgoni ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndipo UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Koma eni mudzi adadziwa kalekale kuti mwambo wolowa ndi mantha pang'ono suchoka m'mutu mwa mwana.

Tsono poti ndimaphunzitsa za thupi la munthu, ndiloleni ndikuuzeni zomwe ndimauza ana a Fomu 4. Mkati mwa ubongo muli tinthu tiwiri tating'ono ngati njere za mtedza, dzina lake amygdala. Timeneti ndi alonda a thupi. Mukamva "tswa!" m'tchire, sitidikira kuti muganize kaye. Uthenga umathamangira ku tiziwalo tokhala pamwamba pa impso, tomwe timathira adrenaline m'magazi. Mtima umagunda mofulumira, chiwindi chimatulutsa shuga, magazi amakhamukira kumiyendo ndi kumanja, kukamwa kumauma. Thupi lakonzeka kuthawa kapena kumenya. Alondawa sasiyanitsa bwino fisi weniweni ndi fisi wa m'nthano. Imene imasiyanitsa ndi mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi, yomwe imati, "Uli pamphasa, agogo ali pomwepa." Ndiye munthu amalandira mphamvu zonse za wothawa popanda chomuthamangitsa, ndipo zikamaphwa m'thupi, pamabwera kupepukidwa kokoma kuja, konga kwa munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark kuli akatswiri ofufuza za mantha omwe anthu amachita kuwafuna okha. Mu 2020 adatulutsa zomwe adapeza atamangirira anthu 110 timakina toyeza kugunda kwa mtima, n'kuwalowetsa m'nyumba yokonzedwa dala kuti iziopseza alendo. Chisangalalo chinkakwera mantha akamakwera, koma mpaka pamlingo wina. Akapyola pamenepo chinkatsika. Ndi kambuzi m'ndiwo. Mmodzi amadyetsa nsima, asanu amakuliza.

Palinso china chokhudza ife amayi. Mu 2010 Amanda Vicary ndi Chris Fraley a ku yunivesite ya Illinois ku America adapeza kuti amayi amakopeka ndi mabuku a milandu yeniyeni yakupha kuposa abambo, makamaka wochitidwa chipongweyo akakhala mkazi, kapena bukulo likamafotokoza nzeru yomwe wina adapulumukira. Nditawerenga sindidadabwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu mumayenda nokha m'misewu ya eni, mumakwera mateksi kudakali mdima, mumadziwa kuti mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019 alendo adasakidwa ngati mbewa m'dziko limenelo. Mukamamvetsera nkhanizo, mtima wanu ukulemba manotsi: adalakwitsa pati, chizindikiro chidali chiti, ndikadakhala ine ndikadatulukira khomo liti. Nthano ya fisi ija inalinso sukulu yomweyo, yochenjeza atsikana za mwamuna wosalala amene kwawo sikudziwika.

Mukukumbukira mu 2014 mudandiuza kuti abwana anu aakazi sankachoka pa TV, mpaka inu munkasita zovala muli chiimire pakhomo la pabalaza kuti muone nawo? Unali mlandu wa Oscar Pistorius, amene adawombera chibwenzi chake Reeva Steenkamp pa 14 Febuluwale 2013 ku Pretoria, ndipo DStv idachita kutsegula tchanelo ya mlandu umodzi wokhawo, usana ndi usiku. Mudati chidakusowetsani tulo n'choti mtsikanayo adafera m'nyumba ya mumpanda wa alonda, atadzitsekera kuchimbudzi, ndipo womuwomberayo anali munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi. Inu ndi abwana anu, wina pasofa wina pa ayironi, munkafunsa funso limodzi.

Koma pali mantha ena omwe sitidapemphepo kuti atibwerezere. Ife tidakulira m'mphepete mwa msewu wa M1, womwe m'madera ambiri a kuno ndiwo malire ndi Mozambique. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, tinkamva mfuti usiku tsidya la msewu, m'mawa n'kuona anthu akuwoloka ndi mitolo pamutu, ena opanda n'chomwe. Dziko lathu lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni mpaka mtendere utasainidwa mu 1992. Mukuwakumbukira mayi aja amene amayi adawapatsa malo kuseri kwa khola? Adakhala nafe zaka zinayi, ndipo sadatiuzepo ngakhale kamodzi zomwe adaona. Ife ana tinkawanyengerera kuti atikambire, mpaka amayi adatikalipira koopsa. Tikasonkhana madzulo kuopsezana ndi nkhani za mizukwa, iwo ankanyamuka mwakachetechete n'kukakhala pamdima. Ndikadutsa pa Lizulu n'kuona mabwinja a masitolo aja kutsidya, ndimaona msana wawo akutuluka pakhomo. Mantha amakoma kwa munthu amene ali ndi potulukira.

Chifukwa china chomwe anthufe timakhamukira ku nkhanizi ndi ludzu lofuna kudziwa chenicheni, makamaka pomwe akuluakulu atseka pakamwa. Bambo ankatiuza za Chilobwe monong'ona, zitseko atatseka. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makwalala a Blantyre, ndipo miyezi inkatha osagwidwa munthu. Pomwe panalibe yankho, mphekesera idadzaza: ankati boma likutenga magazi a anthu kukabwezera ngongole ku South Africa. Mu 1970 adagwidwa Walla Laini Kawisa, n'kuweruzidwa kuti aphedwe, ndipo nduna Gomile Kumtumanji, amene dzina lake lidalowetsedwa m'nkhaniyo, adatsekeredwa mpaka adamwalirira m'ndende. Mpaka lero achikulire akaikamba amatsitsabe mawu.

Ya ku Mwanza ndiye tidaiona tokha ikutuluka m'mdima. Mu Meyi 1983 wailesi idati nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, afa pangozi ya galimoto pamsewu wa ku Thambani. Dziko lonse lidavomera ndi pakamwa, mitima ikukana. Zaka 11 nkhaniyo inkayenda m'manong'onong'o, kumaliro, kudambo, pansi pa bulangete. Zipani zambiri zitabwera, komiti ya Jaji Harry Mtegha idafufuza mu 1994 n'kupeza kuti anthuwo adachita kuphedwa ndi apolisi, galimoto n'kuikankhira kuphompho. Mu 1995 Kamuzu Banda ndi ena adaimbidwa mlandu, ndipo mu Disembala khoti lidawapeza osalakwa. Mukukumbukira mmene nyuzipepala imodzi inkayendera manja khumi pasitolo, wodziwa kuwerenga akuwerengera anzake mokweza? Pamenepo anthu sankafuna tsemwe. Ankafuna kumva ndi makutu awo, masana dzuwa likuwala, chimene adakhala akuchidziwa mumtima. Mlandu suola, ndipo munthu akamatsatira mlandu wa munthu amene sadamuonepo, nthawi zambiri akufuna aone ngati dziko lino lidakali ndi pothera zoipa.

Mpaka apa ndakuikirani kumbuyo, ndipo zonsezi ndanena ndi mtima wonse. Tsopano ndikuuzeni chimene sindidakuuzenipo.

Mu Seputembala 2017 mphekesera za anamapopa zidabuka ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Pofika kumapeto kwa Okutobala anthu osachepera 9 anali ataphedwa ndi magulu olusa, ndipo mmodzi amene adamutentha ku Blantyre anali wodwala khunyu. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Madokotala adanena poyera kuti sadaone munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi. Kuno kunali kutali, koma foni ilibe mtunda.

Usiku wina idandifika voice note. Anali mawu a mzimayi, akunjenjemera, akulumbira pali Mulungu kuti adaona ndi maso ake: amabwera ndi chikwama chakumsana, muli timapaipi ndi timipira, amapopera mankhwala pazenera, thupi n'kulefuka, ukufuna kukuwa mawu osatuluka. Ndidaimvera katatu. Thupi lidachita tsemwe, ndipo mkati mwa tsemwelo munali kukoma komwe kuja kwa m'khitchini ya agogo. Ine ndimaphunzitsa za magazi. Ndimadziwa kuti magazi akatuluka m'thupi amaundana pamphindi zochepa ngati sadathiridwe mankhwala, ndipo amafuna furiji, amafuna kuyezedwa gulu lake. Sindidakhulupirire kwenikweni. Koma ndidaitumiza ku gulu la amayi a kutchalitchi, n'kulembapo kuti, "Tizikhala tcheru, amayi." Ndidagona tulo tabwino.

Patapita masiku atatu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndikuchokera kusukulu ndidamva chiphokoso cha kumjigo. Ndidathamangira komweko monga wina aliyense. Pakati pa chikhamu panali mnyamata wosapitirira zaka 25, atakhala m'fumbi, atakumbatira chikwama chakumsana. Mwala unali utamung'amba pamwamba pa diso, magazi akutsikira m'kolala ya malaya. Ankangobwereza mawu amodzi: "Ndabwera kudzakonza mjigo, makolo anga. Ndabwera kudzakonza mjigo." Anyamata ena anali atathyola kale nthambi za bulugamu, wina akufunsa petulo kwa a njinga zamoto. Pafupi nane panaima mayi amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi, akufotokozera anzake kuti, "Amapopera pazenera, thupi n'kulefuka, ukufuna kukuwa mawu osatuluka." Mawu omwe aja, mndandanda wake womwewo. Miyendo yanga idazizira.

Adamupulumutsa ndi anyakwawa. Adafika osathamanga, osakuwa, n'kudutsa pakati pa anthu, n'kukhala pansi m'fumbi momwemo, phewa lawo kukhudza phewa la mnyamatayo. Mukudziwa kwathu kuno, mfumu ikakhala pansi palibe amaimirira pamwamba pake. Amayi adayamba kugwada, abambo kunjuta, nthambi zija kugwera pansi imodziimodzi. Ndipo adati, "Mwana wanga, khutula chikwamacho tione tonse." Mudatuluka masipanala, girisi m'kachitini, timipira takuda ta mjigo, mpukutu wa chingwe, ndi buledi theka m'pepala. Adatuma mwana kukaitana wapampando wa komiti ya mjigo, amene anali kudimba. Iyeyo ndiye adamuitana mmisiriyo, n'kuiwala kudziwitsa mudzi. Anthu adabalalika maso ali pansi.

Ine ndidakapempha madzi panyumba yapafupi kuti asambe pabalapo, otsala amwe. Kapu inkagunda mano ake. Ndipo adandithokoza, achemwali. Adati, "Zikomo amayi, Mulungu akudalitseni." Sindidamuuze kanthu. Mpaka lero mawu amenewo amandilasa.

Mjigo sadakonze. Anyakwawa adamuperekeza okha mpaka pamsewu, ndipo palibe mmisiri wina adalola kuponda m'mudzi muno mpaka mvula itagwa. Miyezi itatu tidamwa madzi a pachitsime cha kudambo, ana n'kumatsegula m'mimba.

Voice note ija inalibe agogo. Panalibe wonena "padangotelo" kuti tidziwe kuti talowa m'nthano, panalibenso wotituma kukaphula mbatata. Idayamba ndi "ndaona ndi maso anga", n'kuthera pa "tumizani kwa ena". Fisi adatuluka m'nkhani chitseko chili pululu, n'kukavala nkhope ya mwana wa eni. Kale tikamamvera Nkhani za m'Maboma pa MBC, zoti mfiti yagwa ndi lichero pakhomo la eni, bambo ankazimitsa wailesi n'kunena maganizo awo, amayi n'kutsutsa, nkhaniyo n'kuthera m'nyumba momwemo. Lero aliyense amamvera yekha, pamdima, n'kupatsira anthu 50 asanafunse munthu. Ku Neno mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa tsiku limodzi chifukwa mphenzi idapha mtsikana, anthu n'kunena kuti adaitumiza ndi iwo. Chikhalirecho lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndikaganiza za agogo athu, ndi maso awo ofiira ndi utsi aja, akukamba za afisi usiku, mtima umandiwawa. Masiku ano mwina akadawaloza chala.

Chachiwiri chidachitikira m'kalasi mwanga. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 wachialubino adabedwa usiku kunyumba kwa makolo ake m'boma lathu lino. Mudazimva kumeneko. Mmodzi mwa oganiziridwa adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe patangopita masiku ochepa, bungwe la Malawi Human Rights Commission lidapeza kuti adazunzidwa, ndipo mu Disembala 2024 khoti lalikulu lidapeza apolisi 6 olakwa pa imfa yake. Miyezi imeneyo nkhani inali imodzi m'minibasi, pachigayo, pamsika, ngakhale m'chipinda cha aphunzitsi: akutuma ndani, msika wake uli kuti, mafupa amapita nawo kuti. Aliyense adasanduka wofufuza milandu. Tinkakambirana tikumwa tiyi.

Mu Fomu 2 ndinali ndi mtsikana wachialubino, wakhama, wokhala kutsogolo chifukwa cha maso, buku atalifikitsa pamphuno. Tsiku lina nthawi ya buleki ndidapeza anzake ataunjikana pawindo, akupikisana kufotokoza mmene achiwembu amathyolera zitseko ndi ndalama zomwe akuti amalandira. Maso awo ankawala ngati athu aja kwa agogo. Iye anali pampando wake, chipewa chachikulu atachikokera kumaso, buku lili patsogolo. Ndidaima pakhomo kanthawi ndithu. Tsamba silidatembenuzidwe.

Sabata yotsatira sadabwere, ndiye ndidapita kwawo. Bambo ake anali atakhoma mawindo ndi matabwa, ndipo ankagona chopingasa pakhomo, chikwanje chili pambali. Amayi ake ankamuperekeza ngakhale kubafa. Titakhala awiri pakhonde, mwanayo adandiuza mawu omwe sindidzawaiwala. Adati, "Madamu, usiku ndimaopa, koma bambo amakhalapo. Chomwe chandilepheretsa ndi kukamba kuja. Akamakamba amandiyang'ana ngati akuwerengera." Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Onsewo ankamva nkhani yomwe ife tinkatsitsira tiyi, ndipo kwa iwo inalibe chitseko. Adabwerera kusukulu patatha mwezi, titagwirizana kuti anzake anayi azimutenga pakhomo m'mawa n'kumubweza madzulo. Omwe aja ankakamba pawindo ndiwo adayamba kudzipereka, ndipo sadaphonyepo tsiku mpaka adalemba mayeso a Fomu 4. Ana amenewo sanali oipa mtima, monganso inu simuli oipa mtima. Ankangofunika wina awatembenuze khosi kuti aone amene wakhala kumbuyo kwawo.

Ndiye yankho langa ndi ili, achemwali: mutu wanu uli bwinobwino, ndipo Mulungu simudamulakwire. Ndinu mwana yemwe uja wopempha ya fisi. Chomwe chasintha n'choti mphasa ija mwatsalapo nokha. Mwina n'chifukwa chake mawu a munthu wokamba nkhani m'khutu amakugonetsani, ngakhale nkhaniyo ikhale yamagazi: ndi mawu a munthu, usiku, m'chipinda momwe mulibe wina woyankhula nanu.

Pempho langa ndi loti muzitchera khutu mmene wokambayo akumugwirira womwalirayo. Alipo ena amachedwa pamabala, kubwerezabwereza mmene mpeni udalowera, wakuphayo n'kumukometsera ngati katswiri wa mpira. Amenewo muziwatseka. Ena amayamba akuuzani kuti malemuyo anali ndani, ankagulitsa chiyani, adasiya ana angati, ndipo mukamaliza mumamva ngati mwakhala nawo pasiwa. Funsani wachikulire aliyense za Chilobwe, akutchulirani Kawisa. Maina a anthu 30 aja adatsala ndi abale awo okha. Zimenezo zimandipweteka. Komanso muzidzimvera m'thupi. Katswiri wina wa ku America, George Gerbner, adaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti anthu okhalitsa pa TV, pomwe zachiwawa sizitha, amayamba kuona dziko ngati loopsa kuposa mmene lilili. Mukaona kuti mwayamba kudzidzimuka ndi mphaka padenga, kapena mwasiya kuyankha moni wa mnansi amene mwakhala naye zaka zisanu, dziwani kuti kambuzi wachuluka, mupume kaye masabata angapo. Ndipo chilichonse chothera pa "tumizani kwa ena", chonde, chizifera m'foni mwanu. Ndakuuzani za mnyamata wa mjigo kuti inu musadzanyamule mtolo womwe ndanyamula ine.

M'kathumbamo muli ufa woyera, nyemba za kholophethe, nsinjiro zomwe amayi asinja okha, mfutso wa nkhwani, ndi kambuzi wouma m'kabotolo. Pansi penipeni mupeza mbatata zisanu za kholowa, ndazikulunga m'nyuzipepala. Ziwiri muzisungire Lamulungu. Ndagula bandulo ya mwezi wathunthu, ndiye mukaweruka muziike mu uvuni wa abwana, muzime nyale, mundiimbire. Musankhe nkhani imodzi mwa zomwe mwamva, yomwe yakukhalani pamtima, mundikambire ndi pakamwa panu, kuyambira dzina la malemuyo. Ine ndidzakhala pambaula pano ndi zanga ziwiri m'phulusa, ndipo ndizidzayankha kuti tili tonse. Mukadzamaliza ndidzakutumani kukaphula.

Amayi akuti mulonjeredwe, ndipo akufunsa ngati Disembala uno mubwera. Mupereke moni kwa anzathu onse a kumudzi amene mumakumana nawo kutchalitchi.

Ndatha ine,
chemwali wanu wa ku Bembeke